SIKELO, KHASU NDI MPHINDI 30: ZA AMAYI OFUNA KUCHEPETSA THUPI

Aliyense amene anayendapo pa basi mu msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza amadziŵa pamene pamapatukira msewu wa ku Tsangano. Basi isanaime n'komwe, m'mazenera mumakhala mutadzaza kale mbale za mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi karoti, ndipo ambiri mwa onyamula mbalezi ndi amayi. Zambiri mwa zokololazi zimatsika kuchokera ku mapiri a Kirk Range, kumalire a Malaŵi ndi Mozambique, kudera lozizira kumene mbatata ndi tirigu zimalola bwino. Munthu akayang'anitsitsa amayi aŵiri a dera limodzi lomweli, wina wolima mbatatayo kumtunda ndi wina woigula m'matumba nakhala nayo pamsika mpaka dzuŵa kuloŵa, amaona kuti matupi awo ayamba kusiyana. Wolimayo kaŵirikaŵiri amakhala wouma thupi, wa mitsempha yooneka m'mikono. Wogulitsayo, malonda akamuyendera zaka zingapo, amayamba kukulitsa madiresi kwa telala chaka ndi chaka, ndipo kachitunda kamene ankakwera akuimba nyimbo amakakwera tsopano atagwira m'chiuno.

Nkhani ino ndi ya mayi wachiŵiriyu, pamodzi ndi anzake amene sukulu inawachotsa pa khasu: aphunzitsi, anamwino, alembi ndi osunga masitolo. Ziŵerengero zikuchitira umboni zimene maso akuona. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse, amene National Statistical Office ya ku Zomba inachita m'zaka za 2015 ndi 2016, anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 49, amayi 21 anali onenepa kupitirira muyeso, pamene m'chaka cha 1992 anali 10 okha. M'matauni anali 36, kumidzi 18. Bungwe la MEIRU litayesa anthu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, linalengeza mu 2018 kuti amayi onenepa motere anali 27 pa 100 kumudzi ndi 44 pa 100 m'tauni, pamene abambo anali 9 ndi 18 basi. Mtolo uwu, monga mitolo ina yambiri, uli pamutu pa mayi.

Muyeso wonenedwawu si wa maso ayi. Achipatala amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu nakugaŵa ndi msinkhu wake m'mamita, atauchulukitsa ndi iwo womwe. Yankho likafika 25 ndiye kuti thupi lapitirira, likafika 30 ndiye kuti lafika poopsa. Mayi wotalika mita 1.6 amafika pa malire oyamba ndi makilogalamu 64, ndipo pa achiŵiri ndi makilogalamu 77. Njira yapafupi kuposa iyi ndi tepi ya telala: chiuno cha mayi chikapitirira masentimita 80 n'chenjezo, chikapitirira 88 n'chenjezo lalikulu, popeza mafuta a m'mimba ndiwo amasokoneza magazi kuposa a m'ntchafu.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi World Health Organization mu 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziŵa n'komwe. Pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi shuga wokwera. Matenda aŵa sayamba ndi kuŵaŵa. Munthu amadya, kuseka ndi kuŵerenga ndalama zake bwinobwino kufikira tsiku limene mkono ndi mwendo zifa mbali imodzi. Mayi akagwa motero ku Tsangano, chipatala chachikulu cha boma chili ku Ntcheu, ndipo msewu wotsika kumapiriko wakhala ukuliritsa anthu kwa zaka zambiri, makamaka m'dzinja.

Mayi wakumudzi sanafunikepo kuphunzitsidwa maseŵera olimbitsa thupi. Tsiku lake limayamba ndi ndowa ya malita 20 pamutu, kumene kuli kusenza makilogalamu 20. Akatula amatenga khasu, akaŵeruka kumunda amakatola nkhuni, ndipo kale madzulo ankagwira munsi kukonola chimanga. Ntchito iliyonse imagwira chiŵalo chake, ina khosi ndi msana, ina mikono, ina miyendo. Koma zabwino zimene chitukuko chabweretsa zachotsa ntchitozi imodzi imodzi. Chigayo chinalanda munsi, mjigo unafupikitsa ulendo wa kudambo, ndipo njinga zamoto za kabaza zalanda miyendo ulendo wa kumsika. Palibe wanzeru amene angalire kuti mtondo ubwerere; oulakalaka ndi abambo amene sanaugwirepo. Koma thupi limene linazoloŵera ntchito silikhala chabe likapatsidwa mpando. Mtsikana amene ankauluka pa mpira wa ntchemberembaye akalemba mayeso a Fomu 4, mpira amausiya pa chipata cha sukulu, ndipo zaka 10 zikapita anzake a m'kalasi amavutika kumuzindikira.

Anthu a m'maiko amene khasu linasiyidwa kalekale anayenera kudzipangira ntchito yotulutsa thukuta. M'chaka cha 1953 aphunzitsi aŵiri a pa yunivesite ya Leeds ku England, a R. E. Morgan ndi a G. T. Adamson, anakonza njira imene anaitcha circuit training, kumasulira kwake maseŵera ozungulira. M'chipinda amakonza malo pafupifupi 10, alionse ndi ntchito yake, ndipo munthu amachita ntchito ya pamalo amodzi kwa kanthaŵi kochepa nasunthira pena osapumula nthaŵi yaitali. Nzeru yake ndi yakuti mikono imapuma pamene miyendo ikugwira ntchito, koma mtima ndi mapapo sizipuma kufikira bwalo lonse litatha. Komanso anthu ambiri angathe kuseŵera pamodzi m'kachipinda kakang'ono popanda wina kudikira mnzake.

Amene anasandutsa njirayi kukhala malonda a amayi ndi a Gary Heavin ndi akazi awo a Diane, amene mu 1992 anatsegula jimu yoyamba ya Curves m'tauni ya Harlingen ku Texas, m'dziko la America. Makina anawandandalika mozungulira ngati anthu pa bwalo la gule. Makinawo alibe zitsulo zolemera zoti munthu anyamule. Ali ndi mapampu a mafuta onga a jeke wa galimoto, amene amalimba molingana ndi mphamvu imene mayi akukankhira, motero wokalamba ndi wachitsikana angathe kugwiritsa ntchito makina omwewo. Pakatha masekondi 30 mawu amamveka kuti aliyense asunthe. Akazungulira kaŵiri naongola ziŵalo, mphindi 30 zimakhala zatha, ndipo langizo lake ndi lakuti azibwera katatu pa mlungu. Pofika 2006 nthambi zake zinali pafupifupi 10,000 pa dziko lonse, kuphatikizapo ku South Africa. Pambuyo pake zambiri za ku America zinatsekedwa, koma ku Japan malondawo anamera mizu, makamaka pakati pa amayi achikulire, kotero kuti mu 2018 kampani ya kumeneko inagula Curves International.

Chimene chinakoka amayi si makina okha. M'nyumbamo munalibe abambo. Mayi wa Malaŵi angamvetse msanga kufunika kwa zimenezi. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi pagulu, ndipo linachotsedwa pamene ndale za zipani zambiri zinkabwera. Komabe mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi poyera kaamba ka buluku. Lamulo linafa, koma maso a anthu sanafe nalo. Mphunzitsi wamkazi wa zaka 40 amene angayese kuthamanga m'maŵa pa msika wa kumudzi angapezeke akutsatidwa ndi chigulu cha ana, ndipo pofika madzulo nkhani ingakhale itafika kwa apongozi ake kuti wazungulira mutu. Chipinda chotseka, chokhala amayi okhaokha, chimachotsa chopinga ichi, chimene kwa ambiri n'chachikulu kuposa ulesi.

Tsono zimene amayi amakumana nazo akayamba maseŵera otere zimafanana kulikonse. M'maŵa mwa tsiku lachiŵiri kapena lachitatu thupi lonse limaphwanya, ntchafu zimakana kukhala pansi, ndipo ena amaganiza kuti agwidwa malungo. Kuŵaŵa kumeneku n'kwa minofu imene yadzutsidwa kutulo, ndipo kumatha pakapita masiku ochepa. Amene apirira amayamba kuona zina: tulo timabwera msanga, chitunda chimafupika, mwana wa kumbuyo amapepuka. Koma njala nayo imakula. Ndipo mwezi ukatha, mayi akakwera pa sikelo ndi mtima woyembekeza, kaŵirikaŵiri muvi umaima pamene unali, kapena umatsika pang'ono zedi. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi nasiya, poganiza kuti anyengedwa kapena kuti thupi lawo n'losamva mankhwala.

Sananyengedwe kwenikweni, koma masamu ake sanauzidwe. Mphamvu ya chakudya imayesedwa m'makalori. Mayi wa thupi lapakatikati akazungulira mphindi 30 amaotcha makalori pafupifupi 200, nthaŵi zina kucheperapo. Katatu pa mlungu ndi 600. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700. Wophunzira wa Sitandade 8 angagaŵe yekha napeza kuti pafunika milungu 13, ndiye kuti miyezi itatu, kuti kilogalamu imodzi ichoke, ndipotu ngati mayiyo sanaonjezere kanthu pa zimene amadya. Koma botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8 ndi makalori oposa 120. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ilinso ndi 120. Mayi wotuluka m'jimu ali wefuwefu, akadzipepesa ndi botolo limodzi ndi mandasi aŵiri, wabweza zonse zimene anakhetsa, ndi zoonjezera pamwamba.

Ofufuza a ku Seattle, ku America, anayesa nkhaniyi mwa dongosolo nalengeza zotsatira zake mu 2012. Anatenga amayi 439 onenepa amene anasiya kusamba nawagaŵa m'magulu kwa chaka chathunthu. Amene ankachita maseŵera okha, mphindi 45 masiku asanu pa mlungu, anatsika ndi magawo 2.4 pa 100 a kulemera kwawo. Amene anasintha kadyedwe kokha anatsika ndi 8.5, ndipo amene anachita zonse ziŵiri anatsika ndi 10.8. Kwa mayi wa makilogalamu 80, kumeneku n'kutaya makilogalamu 2, kapena 7, kapena pafupifupi 9. M'chaka chomwecho a Herman Pontzer ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza pakati pa Ahadza a kumpoto kwa Tanzania, anthu osaka nyama ndi kukumba mizu, oyenda mitunda yaitali tsiku ndi tsiku. Anadabwa kuona kuti, poganizira kukula kwa thupi, Ahadza amaotcha makalori ofanana ndi a anthu a ku America ndi ku Ulaya. Zikuoneka kuti thupi likapatsidwa ntchito yambiri limaumira mphamvu kwina, ngakhale akatswiri akukanganabe za kukula kwa kuumirako.

Izi zikuunikira bwino amayi aŵiri a ku Tsangano aja. Kusiyana kwawo sikuli pa khasu pokha. Kulinso pa kandalama komangidwa pa mfundo ya chitenje. Wogulitsa amagwira ndalama tsiku lililonse, ndipo chiwaya chili pafupi naye. Mbatata yoŵiritsa ndi chakudya chabwino, chokhala ndi makalori osafika 90 pa magalamu 100. Mbatata yomweyo ikasanduka tchipisi imafika pafupifupi 300. Onjezani tiyi wa masupuni anayi a shuga m'maŵa, nsima ya ufa woyera ya mitanda itatu masana ndi usiku, ndi ndiwo zosambira m'mafuta, popeza mafuta ochuluka mumphika asanduka chizindikiro chakuti pakhomo pali bwino. Chodabwitsa n'chakuti dera limene limadyetsa mizinda kabichi, karoti ndi nyemba lili ndi mankhwala onse a vutoli m'minda mwake momwe. Mtanda umodzi wa nsima ukachoka m'mbale, masamba nachuluka, mgaiwa nuloŵa m'malo mwa ufa woyera, ntchito yochitika imaposa ya makina alionse a ku Texas.

Kodi tsono maseŵerawo n'ngachabe? Kutalitali. Cholakwa chili pa kuwayesa ndi sikelo, chida chimene sichisiyanitsa mafuta ndi mnofu. Maseŵera amatsitsa kuthamanga kwa magazi, amathandiza minofu kumwa shuga wa m'magazi, amalimbitsa mafupa amene amayamba kufooka mayi akasiya kusamba, ndipo amachepetsa mafuta a m'mimba ngakhale pamene kulemera sikunasinthe kwenikweni. N'chifukwa chake siketi imatha kukhwepa sikelo isananene kanthu. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, wa anthu 3,234 amene anali pafupi kudwala shuga, anasonyeza mu 2002 kuti amene analangizidwa kuyenda mphindi 150 pa mlungu ndi kutsitsa thupi ndi magawo 7 okha pa 100 anachepetsa ngozi ya matendawo ndi magawo 58 pa 100. Sanasanduke atsikana a pa kalendala ayi. Ambiri anakhalabe onenepa, koma opulumuka. Malangizo a World Health Organization a 2020 amapempha munthu wamkulu mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za ntchito yofulumizitsa mpweya, ndi masiku aŵiri a ntchito yolimbitsa minofu. Ubwino wa maseŵera ozungulira ndi wakuti amaphatikiza zonse ziŵiri; kupereŵera kwake n'kwakuti mphindi 90 pa mlungu sizikwana pazokha, motero ulendo wa kutchalitchi ndi wa kumsika uyenera kubwezeredwa ku miyendo.

Pali chopinga china chimene ofufuza a ku Seattle sanakumane nacho, ndicho lilime la anansi. Kuno mayi akanenepa amalonjeredwa ndi chimwemwe: “Koma ndiye mwasintha, mayi! Bambo akukusamalani.” Akaonda funso limabwera motsitsa mawu: “Kodi muli bwino koma?” Funso limeneli lili ndi mbiri yoŵaŵa. Kuyambira pamene Edzi inapezeka m'dziko muno mu 1985, anthu anaitcha kaliwondewonde, ndipo midzi inaphunzira kuŵerenga imfa pa mapeŵa a munthu. Mankhwala aulere otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mu 2004, kubwerera kwa thupi kunali chizindikiro cha kuuka kwa akufa. Mayi amene akumbukira maliro a zaka zimenezo sangauzidwe mopepuka kuti kuonda n'kwabwino, ndipo mwamuna wake angaone ngati kuchepa kwa thupi la mkazi wake kukumuchotsera ulemu pamudzi.

Nkhaniyi yapota kwina posachedwapa. Mu 2019 dziko la Malaŵi linayamba kusinthira anthu ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagonjetsa kachilombo mwamphamvu, ndipo kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg anasonyeza m'chaka chomwecho kuti omwa mankhwala atsopanoŵa amaonjezera thupi, amayi kuposa abambo. Motero alipo amayi amene kale ankaopa kuonda, lero akulimbana ndi kunenepa. Aŵa asayerekeze kusiya mankhwala. Ayenera kukamba ndi achipatala ndi kuyezetsa magazi kaŵirikaŵiri. Ndipo pasakhale woiŵala kuti kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja anapezanso amayi 7 pa 100 ali oonda mopitirira, ndi ana 37 pa 100 osafika zaka zisanu ali opinimbira. Mayi amene amapalira m'Januwale nkhokwe ili pululu safunika uphungu wochepetsa thupi, afunika chakudya.

Majimu okhala ndi makina n'nga m'mizinda, ndipo malipiro ake a pamwezi si a mphunzitsi wa kumudzi. Koma nzeru ya a Morgan ndi a Adamson siili m'makina. Chipinda cha kalasi ana ataŵeruka, zitseko zitatsekedwa, chikwanira amayi 8 kapena 10. Pakona pena pakhale benchi, poti mayi azikhala ndi kunyamuka osagwira maondo. Pena pakhale njerwa zoyalidwa bwino zoti azikwera ndi kutsika. Pa khoma aziyedzamira ndi manja nadzikankha, ndipo zigubu ziŵiri za malita 5 zodzaza madzi zikhale zonyamula, popeza chilichonse chimalemera makilogalamu 5. Woyamba kumene athire theka. Pakati pa malo aŵa paikidwe malo ovina, pakuti chimtali ndi msindo zimathamangitsa mtima mosasiyana ndi nyimbo za ku jimu, ndipo palibe mayi wa ku Ntcheu wofunika kuphunzitsidwa. Mmodzi agwire foni naombe m'manja masekondi 30 alionse. Muyeso wa liŵiro ndi wapafupi: munthu azitha kulankhula koma azilephera kuimba, motero oimbira ndi amene ali pa malo opumira.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha ku Tsangano chimaluma zala, mphindi zisanu zoyamba zikhale za kuyenda mozungulira chipinda kuti thupi lifunde. Mayi woyembekezera, wochira kumene, wodwala mtima kapena amene magazi ake amathamanga kwambiri ayambe wafunsa kuchipatala, ndipo aliyense womva kuŵaŵa pachifuwa kapena chizungulire aime pomwepo. Gululo likhale ndi tepi imodzi ya telala, ndipo kamodzi pa mwezi aliyense ayese chiuno chake, akwere sikelo ya kuchipatala ndi kupempha kuti amuyeze kuthamanga kwa magazi, zonse zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala. Tsiku limene apongozi adzaitana mpongozi wawo pambali ndi kufunsa chifukwa chake chitenje chayamba kutsala pomanga, kabukuko kadzakhala ndi manambala oti awaonetse.